Kutsanzika Kwanga Kunakafika Kukhoti

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipeza pamzere wa tiyi kutchalitchi. Kunali koyambirira kwa zaka za m'ma 2000, patapita miyezi isanu chifikireni changa kutsatira mkazi wanga Esnati, amene anatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino. Iye ankalawirira kuchipatala, ine n'kutsala m'kachipinda kathu ku Barking, kuchapa yunifolomu, kuisita, kenako n'kumawerenga sitima pawindo. Munthu amene ndinakhala zaka khumi ndi ziwiri ndili kalaliki wosunga mafayilo paofesi ya boma kwathu, tsopano ukatswiri wanga unali wodziwa sitolo yogulitsa anyezi motchipa. Pakamwa sindinkadandaula, koma mumtima zinkandiwawa.

Chondiwawa koposa chinali mwana. Tadala, mwana wathu mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu ndi ziwiri, tinamusiya ku Zomba kwa mlamu wanga. Kuti abwere, oona za anthu olowa m'dziko ankafuna umboni wakuti tili ndi malo okwanira ogona mwana, pamene ife tinali ndi chipinda chimodzi m'nyumba yogawana khitchini ndi bafa ndi anthu ena asanu. Nyumba ya zipinda ziwiri inalipo chapafupi, koma a kampani yobwereketsa nyumba ananena mosapita m'mbali kuti malipiro a namwino mmodzi sakukwanira. Anati inenso ndibweretse mapepala a malipiro a miyezi itatu, ochokera kwa bwana amene wandilemba ntchito. Lamlungu lililonse tinkagula khadi loimbira kumudzi, ndipo funso la Tadala linali limodzi lomwelo: "Adadi, mubwera liti kudzanditenga?" Ndinkayankha kuti posachedwa mpaka mawuwo anayamba kundichititsa manyazi.

Amene anandiitanira ntchito anali Ba Tembo, bambo wa ku Zambia, wamtali, woseka ndi thupi lonse, amene ankathira shuga masipuni anayi m'kapu imodzi ya tiyi.

"Ba Mbewe, nimvela ati munali clerk ku Malawi," anatero. "Muziba computer? Bwelani pa Monday. Ni insurance, ma claims. Ba boss bafuna bantu manje manje."

Lolemba ndinakwera naye sitima ya c2c mpaka ku Fenchurch Street. Ofesi inali m'kamsewu kobisika, kampani yaing'ono imene inkagwirira ntchito makampani akuluakulu a inshuwalansi. Woyang'anira wathu anali mayi wachingelezi wa zaka cha m'ma makumi asanu, dzina lake Maureen, wa magalasi olendewera pa tcheni. Anandipatsa fayilo imodzi kuti ndiiwerenge n'kumuuza chimene chikusowamo. Ndinati mukusowa lisiti la wokonza mapaipi, komanso masamba awiri aikidwa mosemphana. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Uyambe lero, Lyson." Chikhalireni bwana anali asanandiitanepo ndi dzina loyamba, koma ndinameza.

Kenako anandipatsa pepala loti ndisaine. Pamwamba pake panali mawu akuti self-employed. Ndinanong'oneza Ba Tembo kuti andimasulire.

"Ndiye kuti ndimwe boss wanu mweka, mudala. Sainani chabe."

Ndinasaina. Madzulo ndinauza Esnati kuti adziwe kuti tsopano anakwatiwa ndi bwana. Anandifunsa kuti bwana wa ndani, ndinati wa ine ndemwe, ndipo tinaseka mpaka woyandikana naye chipinda anagogoda khoma.

Ntchito yake ndinaikonda kuyambira sabata yoyamba. Munthu akaonongekeredwa katundu m'nyumba, kaya paipi yaphulika, kaya akuba athyola, kaya mphepo yagwetsa mpanda, amapempha inshuwalansi kuti imulipire, ndipo pempho limenelo timalitcha kleimu. Kleimu ikafika patebulo panga, ndinkaitsegulira fayilo ndi nambala yake, n'kuwerenga mgwirizano wa inshuwalansi wa munthuyo kuti ndione ngati ngoziyo ili m'gulu la zolipiridwa. Kenako ndinkavala mahedifoni n'kumuimbira, kumufunsa tsiku, nthawi ndi m'mene zinachitikira. Ndinkaitanitsa zithunzi ndi malisiti. Zikakhala zazikulu, ndinkatumiza katswiri kukayeza chinyezi m'makoma ndi kuwerengetsera mtengo wokonzera. Pomaliza ndinkachotsa gawo limene mwini wake amayenera kudzilipirira yekha, n'kulemba kalata, fayilo n'kutsekedwa. Zida zanga zinali kompyuta, foni, chiboolera mapepala ndi cholembera chofiira chimene ndinachokera nacho ku Malawi.

M'mafayilo amenewo ndinaphunziramo London kuposa m'mene ndikanamuphunzirira poyenda m'misewu. Ndinadziwa kuti anthu kuno amasunga matanki a madzi kudenga, chinthu chimene mpaka lero ndimachiona ngati kuputa dala. Ndinakumana ndi bambo wina amene anati akuba amubera mawailesi a kanema atatu m'nyumba ya chipinda chimodzi. Ndinalankhulanso ndi mayi wina wokalamba amene siling'i ya m'bafa mwake inagwa iye atangotulukamo, ndipo nditayamba kumufotokozera za ndalama anandidula mawu: "Mwana wanga, ine sindikufuna ndalama. Ndikufuna denga langa." Denga lake linabwerera pasanathe milungu itatu, ndipo anatumiza khadi lothokoza limene Maureen analipachika pakhoma.

Koma m'chipinda chimodzi chomwecho munali anthu a mitundu iwiri. Ena anali olembedwa ntchito enieni. Amenewa anali ndi khadi lolowera ndi kutulukira pakhomo, malipiro a pamwezi, tchuthi cholipidwa, ndipo akapitirira faifi koloko ankalandira ovataimu. Ife asanu ndi mmodzi, mabwana a ife eni, tinkakhala pamipando yofanana ndi yawo, kuyankha mafoni omwewo, koma tinkalipidwa potengera mafayilo amene tatseka basi. Mwezi woyamba utatha ndinapita kukapempha pepala langa la malipiro, Maureen n'kundiuza mokoma mtima kuti munthu wodzilemba yekha ntchito salandira pepala limenelo, amadzilembera yekha inivoisi, kalata yoitanitsira ndalama zake. Ndinatenga mainivoisi anga atatu kupita nawo kwa obwereketsa nyumba aja. Mtsikana wa pakauntala anawayang'ana n'kunena kuti kwa munthu wa mtundu wanga amafuna mabuku a bizinesi a zaka ziwiri. Ntchito ndinaipeza, koma Tadala sanasendere ngakhale phazi limodzi.

Apa ndiyenera kufotokoza khalidwe langa lina, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kwathu munthu sachoka pamalo osatsanzika. Ku ofesi ya boma nthawi yoweruka ikakwana, ndinkaima pakhomo pa bwana, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Bwana, ngati palibe china, ndiweruke." Tsiku langa loyamba ku London, faifi koloko itakwana, anthu anangonyamula majekete n'kumatuluka osayang'ana ndi kumbuyo komwe. Ine miyendo inakana. Ndinapita kukagogoda pachitseko cha galasi cha Maureen n'kutsanzika monga ndinaleredwera. Ndinachita zimenezo sabata yathunthu, mpaka anatopa nane.

"Lyson, usamandiimirire pakhomo ngati wabwera ndi uthenga wa maliro," anatero. "Ngati sungathe kuchoka osandiuza, ingotumiza imelo."

Kuyambira tsiku limenelo, madzulo alionse ndinkalemba mzere umodzi: "Madam, I have finished. May I go?" Iye ankayankha kuti inde, tionana mawa. Ndipo popeza ku ofesi ya boma anatiphunzitsa kuti kalata iliyonse yotuluka isungidwe pamodzi ndi yankho lake, ndinkasindikiza tsambalo pa pulinta, kuliboola, kulemba nambala pakona ndi cholembera chofiira, n'kukaliika mu fayilo yaikulu imene ndinkasunga pansi pa bedi. Sindinkaganiza za khoti, sindinkaganiza za aliyense. Dzanja linangozolowera. Ba Tembo atazitulukira anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kundipatsa dzina lakuti Mr May-I-Go. Dzinalo linafala ofesi yonse, ngakhale mayi wosesa ankandiitana choncho.

Nyengo yozizira itafika, mapaipi anayamba kuphulika London yense, kenako kunabwera mphepo yogwetsa mipanda ndi kusasula madenga. Mafayilo anaunjikana mpaka pansi pa matebulo. Mayankho a Maureen anasintha. Tsiku lina ankati, "Ayi, tsiriza kaye khumi aja." Tsiku lina, "Usachoke mpaka seveni." Lachisanu ankaonjezera kuti, "Mawa Loweruka ufike eyiti koloko." Anzathu olembedwa aja ankaimba nyimbo pogwira ntchito, chifukwa ola lililonse linkawalowera m'thumba. Ife tinkakhala maola omwewo, koma mafayilo a madzi satsekeka msanga, makoma amayenera kuuma kaye, ndipo fayilo yosatsekedwa inalibe malipiro. Miyezi imene tinagwira ntchito kwambiri ndi imene tinalandira zochepa. Ine zonsezi ndinkangozisindikiza n'kuziika mu fayilo, tsamba ndi tsamba.

Chimene chinautsa mapiri pachigwa n'chakuti Ba Tembo anadwala chifuwa n'kugona sabata yathunthu. Atabwerera anapeza kuti alibe cholandira, komanso anamufunsa chifukwa chimene sanabweretsere kalata ya dokotala.

"Nikadwala ndine boss, sibanilipila," anandiuza tili pa sitima. "Nikachedwa ndine wanchito, banikalipila. Mudala, ichi chintu chili na mitu ibili. Tiyeni ku tribunal."

Ankanena khoti loona milandu ya pantchito. Ena awiri anavomera pomwepo. Ine ndinachita mantha, ndipo sindibisa. Munthu wodzilemba yekha ntchito sachita kumuchotsa, amangosiya kumupatsa mafayilo. Ndikanataya pamenepo, ndikanabwerera kuwindo lija kukawerenga sitima, ndipo mwana akanakulira ku Zomba. Ndinauza Esnati kuti ife ndife alendo m'dziko la eni, si bwino kukokera bwana kukhoti. Iye anali akuvula nsapato za kuntchito, ndipo anandiyankha osakweza mawu.

"Bambo a Tadala, ine ku ward ndikapitirira ndi half hour amandilembera. Inu mukugwira ma Saturday aulere ngati kumunda kwa apongozi. Mukapanda kupita nawo, payslip ija idzagwa kuchokera kumwamba? Mwana uja mano akutsogolo anaguluka ndipo ena amera, ife osaona."

Mawu omalizawo anandilowa. M'mawa mwake ndinauza Ba Tembo kuti andilembe.

Loya wathu anali Mayi Adjei, wochokera ku Ghana, amene ankathandiza anthu m'kaofesi ka pamwamba pa sitolo ku Tottenham. Anatifotokozera kuti khoti siliyang'ana dzina limene lalembedwa papepala lokha, limayang'ana m'mene ntchito imayendera tsiku ndi tsiku: amene amalamula nthawi yofika ndi yoweruka ndani, zida ndi za yani, ndipo kodi munthu angathe kutumiza wina kukamugwirira. Kenako anagwetsa nkhope. Anati kampani idzanena kuti tinali omasuka kubwera ndi kuchoka nthawi imene tafuna, ndipo popeza ife tinalibe khadi la pakhomo lija, panalibe cholembedwa chilichonse choonetsa maola athu. Ukanakhala mlandu wa mawu athu ndi mawu awo.

Ba Tembo, amene sakhalitsa osaseka, anafuna kutichotsa chisoni. Anauza loyayo m'Chingelezi kuti ngati akufuna zolembedwa afunse Mr May-I-Go, amene amalembera Maureen kalata yachikondi madzulo alionse n'kukaisunga pansi pa bedi. Anzathu aja anaseka. Mayi Adjei sanaseke. Anaika cholembera pansi n'kundifunsa kuti makalatawo amanena chiyani, ndipo alipo angati.

Ndinayamba kuzemba. Ndinati ndi timauthenga totsanzikira chabe, palibe chanzeru. Zoona zake n'zakuti zinkandivuta kutulutsa makalata a bwana wanga kuti akawerengedwe pagulu. Maureen sanali munthu woipa. Ndi iye amene anandiphunzitsa kulankhula ndi munthu wokwiya pafoni, ndipo ataona kajekete kamene ndinkavala m'nyengo yozizira, anandibweretsera chikhoti cha mwamuna wake. Ndinkadziona ngati munthu wodya kwa mnzake kenako n'kukamuneneza. Mayi Adjei anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Bambo Mbewe, sindikukupemphani kuti mumunyoze kapena kumunamizira," anatero. "Ndikungopempha kuti mawu ake omwe alankhule."

Tsiku lotsatira ndinanyamula fayilo ija m'chikwama cha msika. Munali masamba oposa mazana atatu, lililonse lili ndi tsiku, nthawi, funso langa ndi yankho lake, nambala yofiira pakona. Mayi Adjei anaitsegula, n'kumatembenuza pang'onopang'ono. Atafika pa miyezi yozizira ija anayamba kumwetulira. Anandifunsa kuti anandiphunzitsa kusunga mapepala chonchi ndani, ndipo ndinayankha monyadira kuti boma la Malawi.

Mlandu utalembetsedwa, sanatichotse, koma mu ofesi munazizira. Akuluakulu analangiza Maureen kuti asamayankhenso maimelo anga. Ine sindinasiye kulemba. Tsiku loyamba ndinatumiza uthenga wanga n'kukhala pampando kudikira, anthu onse n'kutuluka. Patapita mphindi makumi awiri, chitseko cha galasi chinatseguka, Maureen n'kusuzumira. "Lyson, chonde, pita kwanu," anatero motopa. "Koma sindinalembe paliponse." Zinakhala choncho kwa miyezi ingapo, ine kulemba, iye kuyankha pakamwa, ndipo nthawi zina tonse awiri tinkalephera kudziletsa kuseka.

Tsiku la mlandu ndinavala suti imene ndinakwatira nayo. Esnati anasinthana shifiti ndi mnzake kuti adzakhale kumbuyo kwanga. Khotilo linandikhumudwitsa pang'ono, chifukwa ndinkayembekeza mawigi ndi mikanjo, koma chinali chipinda wamba chokhala ndi kapeti, ndi anthu atatu atakhala patebulo lalitali, wapakati ndiye wotsogolera. Fayilo yanga inali itakoperedwa, aliyense ali ndi mtolo wake. Maureen anakhala tsidya lina, osandiyang'ana.

Loya wa kampani anali bambo woonda, wofatsa, wolankhula ngati akukupempha madzi akumwa. Anthu otere ndi amene ndimawaopa. Anayamba ndi kundiyamikira chifukwa cha kusunga bwino mapepala, kenako anandifunsa ngati ndinasaina pepala lija ndi dzanja langa. Ndinavomera. Anafunsa ngati pali tsamba lililonse m'mapepala a kampani lonena kuti munthu azipempha chilolezo asanachoke. Ndinati palibe. Anafunsa ngati Ba Tembo kapena wina aliyense ankatumiza mauthenga otere. Ndinati ayi, ndinali ndekha.

"Ndiye kuti palibe amene anakulamulani kuti muzitsanzika?"

"Palibe."

"Ndi mwambo wa kwanu, si choncho? Ulemu umene munabwera nawo nokha?"

Ndinaona Mayi Adjei akuyang'ana pepala lawo, Ba Tembo atagwira pachipumi. Funsolo linali loona, ndipo ndinali nditalumbira. Ndinayankha kuti inde, ndi mwambo wa kwathu. Loya uja anatembenukira kwa anthu atatu aja n'kunena modekha kuti mtolo wonsewu ukungoonetsa kuti Bambo Mbewe ndi munthu waulemu, zimene kampani siikutsutsa. Anayamba kukhala pansi. Pamenepo ndinaona nyumba ya zipinda ziwiri ija ikundipulumuka m'manja, ndipo ndinaganiza za Lamlungu lotsatira, ine ndili pafoni ndikunenanso kuti posachedwa.

Wotsogolera uja, mayi wa imvi, anandifunsa ngati ndili ndi chowonjezera. Sindinakonzekere chilichonse. Ndinangonena chimene ndinkachidziwa.

Ndinati mwambowo ndi wathudi, koma bwana loya aumva theka. Kwathu munthu akatsanzika sakhala akupempha chilolezo chenicheni. Mlendo akanena kuti ndapita, mwini nyumba amayankha kuti pitani bwino, mukapereke moni kunyumba. Akhoza kumuchedwetsa pang'ono ndi nkhani, kapena kumuperekeza mpaka pamsewu, koma sanganene kuti ayi, khalani pansi mutsirize kaye kupalira munda wanga. Amene angayankhe kuti ayi ndi bwana wa pantchito yekha. Ndinati funsolo linali langa, ndipo sindikulikana, koma mayankhowo sanachokere ku Malawi. Kenako, popeza fayilo yanga ndinkaidziwa pamtima, ndinapempha kuti atsegule tsamba la nambala 141, la 150 ndi la 163.

M'chipindamo munangomveka mapepala. Mayi wa imvi uja anawerenga mokweza: "Ayi, tsiriza kaye khumi aja." Anatembenuza. "Usachoke mpaka seveni." Anatembenuzanso. "Ayi. Ndipo mawa Loweruka eyiti koloko, uwauzenso anzako asanu aja." Bambo amene anakhala kumanzere kwake analemba kanthu, n'kudula mzere pansi pake. Kumbuyo kwanga ndinamva Esnati akupumira m'mwamba.

Masana inali nthawi ya Maureen. Apa ndi pamene ndinavutika kwambiri, chifukwa chikhoti cha mwamuna wake chinali chopachikidwa pampando wanga. Mayi Adjei anamufunsa funso limodzi lalikulu: kodi Bambo Mbewe akanati awerenge "ayi" uja n'kunyamukabe, chikanachitika n'chiyani? Maureen anayang'ana akuluakulu ake, kenako anayang'ana ine koyamba tsiku limenelo.

"Sakanapeza mafayilo patebulo pake m'mawa mwake," anatero. "Ndi m'mene anandiuzira kuti ndizichitira. Kwa onse asanu ndi mmodzi."

Potuluka ndinakumana naye pamakwerero. Ndinafuna kupepesa, koma anandiletsa ndi dzanja. Anati iyenso, chifukwa anam'patsa dzina lakuti manijala, Loweruka lililonse lija analigwira popanda kulandira kanthu, ndipo nkhani imeneyo wayamba kuiganizira. Kenako anandikonzera kolala ya chikhoti n'kupita.

Chigamulo chinabwera pa kalata patapita milungu ingapo. Khoti linapeza kuti tinali antchito a kampaniyo monga ena onse. Pa za maola owonjezera ndi tchuthi, kampani inasankha kugwirizana nafe kunja kwa khoti, ndipo maola anawerengedwa kuchokera mu fayilo ya pansi pa bedi ija, ngakhale a Ba Tembo amene ankaiseka. Tonse asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo awiri amene anaopa kulowa nawo mlandu, tinapatsidwa makontirakiti ndi makhadi a pakhomo. Lamlungu limenelo Ba Tembo anaimirira kutchalitchi kupereka umboni, n'kuuza mpingo wonse kuti Mulungu amagwiritsa ntchito ngakhale anthu ovuta ngati Mr May-I-Go. Azimayi analulutira, ine ndinangoweramitsa mutu, mtima uli mbee.

Pepala langa loyamba la malipiro ndinabwera nalo kunyumba m'manja, osalipinda, ngakhale mu sitima munali modzaza. Atakwana atatu, ine ndi Esnati tinapita limodzi kwa obwereketsa nyumba. Anali mtsikana yemwe uja. Anawayang'ana osakwana mphindi imodzi n'kutipatsa fomu. Ndinadabwa kuti chinthu chimene tinachivutikira pafupifupi zaka ziwiri chinatha msanga chotero. Tinasamuka, tinapenta chipinda chachiwiri chachikasu, tinatumiza mapepala, ndipo chilolezo cha Tadala chinatuluka. Mayi wina wa kutchalitchi amene anali ku Malawi anavomera kubwera naye.

Ndege inkatera Lachinayi masana. Tsopano ndinali ndi tchuthi cholipidwa, ndipo fomu yake ndinali nditadzaza kalekale, yosainidwa ndi kudindidwa. Panalibe chifukwa chofunsira munthu. Komabe leveni koloko itakwana ndinatseka fayilo ya bambo wina wa mpanda wogwa, n'kulemba mzere wanga wa masiku onse, kuonjezerapo kuti mwana wanga akufika lero. Ndinaona Maureen akutuluka mu ofesi yake n'kupita patebulo pa Ba Tembo. Ananong'onezana, Ba Tembo n'kumulembera kanthu pa kapepala. Anabwerera, ndipo patapita kanthawi kompyuta yanga inalira.

Yankho lake linali m'Chichewa, chilembo chilichonse chili m'malo mwake: "Pitani bwino, bambo a Tadala."

Ndinalisindikiza, ndinaliboola, ndinalemba nambala pakona, ngakhale kuti maso anali atadzaza misozi moti cholembera chofiira chija chinaphonya pang'ono. Limenelo ndilo tsamba lomaliza mu fayilo ija. Ku bwalo la ndege Tadala anatuluka atavala majuzi awiri, wamtali kuposa m'mene ndinamusiyira, mano onse ali m'malo. Anaima kaye kundiyang'ana, kenako anati, "Adadi, mwachedwa." Ndinavomera mlanduwo popanda loya.

Ntchito ya inshuwalansi ndinaigwira zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ndinafika poyang'anira ena. Aliyense watsopano ndinkamuuza zinthu ziwiri. Choyamba, asasaine pepala lomutcha bwana asanafunse kuti nthawi yoweruka amalamula ndani. Chachiwiri, alembe maola ake tsiku lililonse, ngakhale anzake amuseke. Ndipo wina akabwera pakhomo panga madzulo kudzanena kuti akupita, ndinkaonetsetsa kuti ngati ndimuuza kuti ayi, ndalemba kale ola limenelo m'buku la ovataimu. Masiku ambiri ndinkangomuuza kuti apite bwino.